Mafunso a Owerenga: Ndimalemba Mapulogalamu Ndekha, Kodi Zida za Gulu Zindithandiza Chiyani?

FUNSO

Akonzi, ndine mnyamata wa ku Ulongué m'boma la Angónia, ndipo luso lolemba mapulogalamu a kompyuta ndinaliphunzira mumzinda wa Tete. Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikusamalira pulogalamu imene ndinalembera sitolo ina yogulitsa mbewu ndi feteleza. Pulogalamuyi imasunga maina a alimi otenga katundu pa ngongole, matumba a chimanga, soya ndi kachewere amene amabweza akakolola, ndiponso ndalama zimene zatsala kwa aliyense. Ntchito yonseyi ndimaigwira ndekha. Mnzanga amene amagwira ntchito pa kampani ina ku Maputo atabwera kudzaona makolo ake anayang'ana laputopu yanga, ndipo anadabwa kuti sindigwiritsa ntchito Git, Jira, pull request kapena Scrum. Ine ndikawerenga za zidazi ndimaona kuti anazipangira anthu ambiri ogwirira ntchito pamodzi. Kodi munthu amene alibe womuuza kapena womufunsa akuzifuniranji? Chonde kumbukiraninso kuti data ya intaneti ndimagula ndi ndalama ya m'thumba mwanga, ndipo nthawi ya dzinja magetsi amathima kawirikawiri.

Wowerenga wa ku Ulongué

YANKHO

Achimwene, mnzanuyo wakuuzani zoona pa mbali ina, koma wamanga mu mtolo umodzi zinthu zimene siziyenera kukhalira limodzi. Pa zida zimene watchulazo, zina anazipanga kuti zizikumbukira zinthu m'malo mwa munthu, ndipo zina anazipanga kuti anthu ambiri azigwirizana popanda kusokonezana. Zokumbukirazo mukuzifuna kwambiri kuposa momwe kampani ya ku Maputo ikuzifunira, chifukwa kumeneko wina akaiwala amafunsa mnzake wa pa tebulo loyandikana nalo, pamene inu mukaiwala palibenso wina amene akudziwa. Zogwirizanitsa anthuzo, zambiri mwa izo mungazisiye osataya kanthu.

Komanso sindikuvomera kuti muli nokha monga mukunenera. Pali mwini sitolo, amene amapempha zinthu n'kuiwala zimene anapempha. Pali munthu amene adzatenge pulogalamuyi tsiku limene mudzapeze ntchito ku Beira kapena kudwala. Ndipo pali inu nomwe wa miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi, amene mudzatsegule fayilo imene mwalemba lero n'kumadzifunsa kuti kodi amene analemba zimenezi ankaganiza chiyani. Anthu atatu amenewa ndiwo gulu lanu, ndipo chida chilichonse muchiyese pofunsa ngati chikuthandiza mmodzi wa iwo.

Ndiyambe ndi Git, chida chosunga mbiri ya zonse zimene mwasintha mu pulogalamu, chifukwa apa m'pamene ine ndinapsa manja. Ndinali ndi pulogalamu yosindikiza malisiti imene ndinalembera sitolo ina mumzinda wa Tete, ndipo ndinkasunga ntchito yanga monga ambiri a ife timachitira, pokopera foda yonse n'kuipatsa dzina latsopano. Pa laputopu panali versao_final, versao_final_2, versao_final_nova ndi ina imene ndinangoilemba tsiku. Mu Januwale 2023, msonkho wa IVA utatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 pa 100 iliyonse, ndinakonza nambalayo mu versao_final_nova n'kukaika pa kompyuta ya m'sitolo. Patapita sabata, mayi amene amalandira ndalama anandiimbira foni kuti malisiti a ogula pa ngongole ayambanso kusiyana ndi buku lake ndi masentavo angapo. Vuto limenelo ndinali nditalikonza kale chaka cham'mbuyo, koma ndinalikonzera mu versao_final_2, imene inali foda yeniyeni imene sitolo inkagwiritsa ntchito. Ndinakhala masiku atatu ndikuyerekeza mafayilo ndi maso, mzere ndi mzere, m'kachipinda kotentha ka kuseri kwa sitolo, uku mayiyo akulemba malisiti pamanja. Chimene chinandipweteka kwambiri sichinali kutopa ayi, koma kuona kuti sindikanatha kumuuza mwini sitolo motsimikiza kuti pulogalamu imene ili pa kompyuta yake ndi iti.

Git anaiyambitsa Linus Torvalds mu Epulo 2005 kuti ithandize anthu ambirimbiri amene amalemba Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ali m'maiko osiyanasiyana, ndipo kuyambira chaka chomwecho amene amaisamalira ndi Junio Hamano. Popeza anthuwo anali omwazikana, Git inapangidwa kuti aliyense akhale ndi mbiri yonse ya ntchito pa kompyuta yake, mu foda yobisika yotchedwa .git, osadalira kompyuta ina yapakati. Kapangidwe kameneka, ngakhale sanatiganizire ife pokapanga, kakutikomera kwambiri kuno kwathu. Kusunga gawo la ntchito, kumene amakutcha commit, sikufuna intaneti. Kuona zimene munasintha mwezi watha, kubwerera m'mbuyo, kapena kuyerekeza mafayilo a lero ndi a chaka chatha, zonsezi zimachitika pa laputopu yanu popanda kudya data ngakhale pang'ono. Ambiri amasokoneza Git ndi GitHub, koma GitHub ndi malo chabe a pa intaneti osungirako nkhokwe za Git, kutanthauza mafayilo a pulogalamu pamodzi ndi mbiri yawo. Malowa anatsegulidwa mu 2008 ndipo Microsoft inawagula mu 2018.

Phindu lenileni la Git kwa munthu wogwira ntchito yekha lagona pa mawu amene mumalemba pa commit iliyonse. Musalembe kuti "ndakonza" kapena "zosintha", chifukwa Git imaonetsa yokha mizere imene yasintha. Chimene singaonetse ndi chifukwa chake. Lembani monga kuti "Ndasiya kuwerengera chiwongoladzanja pa ngongole ya mbewu chifukwa abwana anagwirizana ndi alimi kuti chizikhala pa feteleza yekha". Lembani m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi, chilankhulo chimene mumaganizira, pakuti Git siisankha. Tsiku limene mwini sitolo adzakufunseni kuti n'chifukwa chiyani mlimi wakutiwakuti sakulipira chiwongoladzanja, lamulo la git log kapena git blame lidzakuonetsani tsiku ndi chifukwa chake. Ndipo ngati mumasunga ntchito m'tizigawo ting'onoting'ono, pali lamulo lina lotchedwa git bisect, limene limagawa mbiri pakati mobwerezabwereza pofufuza pamene vuto linalowera, kotero kuti pakati pa ma commit 1,000 mungalipeze mutayesa pulogalamu pafupifupi ka 10 kokha. Masiku anga atatu aja akanakhala ola limodzi.

Koma dziwani kuti Git imene ili pa laputopu yokhayo siikutetezani laputopuyo ikabedwa, ikanyowa kapena diski ikafa. Mbiri iyenera kukhalanso kwina. Kuyambira mu Januwale 2019, GitHub imalola munthu kukhala ndi nkhokwe zachinsinsi osalipira, ndipo GitLab ndi Bitbucket nazonso zili ndi mwayi wotero. Za data musade nkhawa kwambiri, chifukwa khodi, mizere imene mumalemba popanga pulogalamu, ndi malemba chabe, ndipo lamulo la git push limangotumiza zimene zasintha, zitapanikizidwa. Nthawi zambiri ntchito ya tsiku lonse imadya data yochepa kuposa chithunzi chimodzi chotumizidwa pa WhatsApp. Chimene chimalemetsa nkhokwe ndi zinthu zimene siziyenera kulowamo, monga zithunzi zikuluzikulu ndi database ya sitolo, ndipo GitHub imakana fayilo iliyonse yoposa 100 MB. Zoterezi muzilembe kuyambira tsiku loyamba mu fayilo ya .gitignore, imene imauza Git mafayilo oti isawasunge. Database ili ndi maina ndi ngongole za alimi, anthu amene sanavomere kuti nkhani zawo zikakhale pa kompyuta ya kunja, choncho iyenera kusungidwa mwa njira yakeyake. Netiweki ikavuta kwa masiku angapo, lamulo la git bundle limaika mbiri yonse mu fayilo imodzi imene mungaikopere pa fulashi n'kukaisiya kwa makolo anu kapena m'kabati ya m'sitolo.

Pa nkhani ya nthambi, zimene m'Git amazitcha branch ndipo zimalola kusintha khodi pambali osakhudza imene ikugwira ntchito, makampani ali ndi malamulo ambiri a mmene angazitchulire ndi kuziphatikizira, ndipo malamulowo inu simukuwafuna. Mukufuna nthambi imodzi yaikulu imene nthawi zonse ikugwira ntchito, ndiponso nthambi ina yapadera mukayamba ntchito yaikulu imene itenge masabata. Taganizirani kuti muli pakati pokonza mbali yotumiza mauthenga a SMS kwa alimi, pulogalamu ili yophwasulidwa, ndiye mwini sitolo akuimba kuti lisiti silikutuluka ndipo alimi ali pamzere panja. Ngati ntchito ya SMS ili pa nthambi yake, mumabwerera pa nthambi yaikulu, kukonza lisitilo, kukaika m'sitolo, kenako n'kupitiriza pamene munasiyira. Onjezani chizolowezi chimodzi, chakuti nthawi iliyonse imene mwaika pulogalamu pa kompyuta ya m'sitolo muziika chizindikiro cha nambala, chotchedwa tag, pa commit imeneyo, ndipo nambala yomweyo izioneka penapake pa sikirini ya pulogalamu. Mukatero, wina akaimba foni mumangomupempha kuti akuwerengereni nambalayo.

Pull request ndi njira yopempha mnzako kuti awerenge zimene wasintha asanaziphatikize ku nthambi yaikulu. Kudzitumizira nokha pempho lotere pa kusintha kulikonse, n'kudzivomereza nokha, ine ndimakuona ngati kutaya nthawi ndi data. Koma kuwerengako n'kofunika, ndipo simuyenera kukusiya. Chimene ndimachita ine n'chakuti ntchito imene ndamaliza madzulo sindiiphatikiza tsiku lomwelo. M'mawa, mutu utapuma, ndimatsegula git diff, imene imaonetsa zimene ndasintha, n'kuwerenga mzere uliwonse ngati kuti walemba ndi munthu wina, ndipo si kamodzi kapena kawiri pamene ndapeza nambala yoyesera imene ndinaiwala kuchotsa. Ngati kusinthako kukukhudza ndalama za anthu, pamenepo tsegulani pull request yeniyeni ndipo mupemphe mnzanu wa ku Maputo uja kuti akuwerengereni, pakuti wasonyeza kale kuti ali ndi chidwi ndi ntchito yanu.

Jira, chida cholondolera ntchito za gulu, ndi ya kampani ya Atlassian, inatuluka mu 2002, ndipo gulu la anthu osapitirira 10 lingaigwiritse ntchito mwaulere. Vuto lake kwa inu si mtengo. Ndi chida chofuna intaneti nthawi zonse, cholemera pa netiweki yofooka, ndipo mbali yaikulu ya mphamvu zake ndi yothandiza mabwana kudziwa amene akugwira ntchito iti ndiponso kuti afika pati. Inu mukudziwa kale amene akugwira ntchito zonse. Komabe chimene Jira imasunga mukuchifuna, ndicho mndandanda wa mavuto ndi zopempha. Ndikudziwa mmene zopemphazo zimafikira kuno, mwina ndi uthenga wa mawu pa WhatsApp usiku, mwina ndi mawu a pakhomo la sitolo pamene mukukwera njinga yamoto. Chilichonse chotere chilembedwe malo amodzi tsiku lomwelo, ndi deti, dzina la wopempha, zimene mwagwirizana, ndiponso ngati ndi ntchito yolipiridwa payokha kapena ili m'pangano lakale. Ndaona anyamata aluso akugwira ntchito ya miyezi itatu ulele chifukwa panalibe pamene panalembedwa kuti chinthucho sichinali m'pangano. Fayilo wamba ya malemba yosungidwa m'nkhokwe ya Git ndi yokwanira, ndipo mbali ya Issues ya pa GitHub nayo ndi yopepuka. Palinso chida china chotchedwa Fossil, chimene analemba D. Richard Hipp, mlembi wa pulogalamu ya database yotchedwa SQLite, chimene chimasunga mbiri ya khodi, mndandanda wa mavuto ndi zolemba zofotokozera zonse mu fayilo imodzi ndipo chimagwira ntchito popanda intaneti. Ndimachilemekeza, koma kwa mnyamata ngati inu ndikulangizabe Git, chifukwa ndi imene adzakufunseni kulikonse kumene mudzakafunsire ntchito.

Scrum musavutike nayo. Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza pagulu mu 1995 ngati njira yoti kagulu ka anthu kazigwirizana, ndipo msonkhano wake wa mphindi 15 tsiku lililonse ulibe tanthauzo kwa munthu mmodzi. Mungatengeko chinthu chimodzi chokha, chakuti pakatha masabata awiri aliwonse muzikhala pansi ndi mwini sitolo pamodzi ndi amene amagwiritsa ntchito pulogalamuyo tsiku ndi tsiku, kuwaonetsa zimene zatheka ndi kugwirizana chimene chitsatire. Ku Kanban, njira imene inachokera ku mafakitale a Toyota ku Japan, tenganiko lamulo loti musayambe ntchito zoposa ziwiri musanamalize imodzi. Mapepala atatu omatidwa pakhoma, la ntchito zodikira, la zimene mukugwira ndi la zimene mwamaliza, amakwanira pa zimenezi. Ndipo kalendala imene iyenera kukulamulirani ndi ya ulimi. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene alimi akutenga mbewu ndi feteleza, komanso nthawi yogula zokolola, musaike zatsopano zikuluzikulu m'sitolo. Zimenezo zidikire miyezi imene pakhomo pali phee.

Chida chimene mnzanu sanatchule, koma chimene ndikuchiika pafupi ndi Git, ndi mayeso odziyendera okha, timapulogalamu ting'onoting'ono timene timapatsa pulogalamu yanu nambala zodziwika n'kuona ngati yankho ndi loyenera. Awa ndiwo amalowa m'malo mwa mnzanu wokudzudzulani. Simukufunika kuyesa chilichonse. Yambani ndi pamene pali ndalama, monga ngongole ya mlimi amene wabweza theka ndi matumba theka ndi ndalama, kapena amene walipira ndi kwacha m'malo mwa metikali, monga zimachitikira pafupi ndi chipata cha Calómue. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse nthawi imodzi, ndipo pulogalamu imene inalemba mtengo wosinthira m'malo atatu osiyanasiyana ikanawerengera molakwika ngati wokonza akanakumbukira malo awiri okha. Mayeso ndi amene amagwira zoterezi. Tengani zitsanzo khumi kuchokera m'buku la pamanja la sitolo, zimene mwini wake anaziwerengera yekha, muzisandutse mayeso, ndipo muziwayendetsa musanapite kukaika pulogalamu. Mbali ya GitHub yotchedwa GitHub Actions ingawayendetse yokha pa makompyuta a kampaniyo, ndipo imapereka mphindi 2,000 pa mwezi mwaulere pa nkhokwe zachinsinsi. Ubwino wake ndi woti imatsimikiza kuti pulogalamuyo imathanso kumangika pa kompyuta imene si yanu. Zimenezo mudzazichite pambuyo, Git ndi mayeso zitakhazikika.

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wa ku Moatize ndipo ndimakonzera mawebusayiti nyumba zogona alendo ndi anthu obwereketsa magalimoto. Ndinayamba kugwiritsa ntchito GitHub chaka chatha. Sabata yatha ndinazindikira kuti fayilo imene ili ndi pasiwedi ya database ndi kiyi yolandirira ndalama za pa foni ya kasitomala wanga inalowa m'nkhokwe. Ndaifufuta ndipo ndatumiza commit yatsopano. Kodi zakwanira? Komanso ntchito za makasitomala anga onse atatu zili m'nkhokwe imodzi ya pa akaunti yanga, ndipo mmodzi akufuna kuti ndimupatse khodi yake.

Wowerenga wa ku Moatize

YANKHO

Mayi, sizinakwanire, ndipo ndikupemphani kuti muchitepo kanthu lero lomwe. Ntchito ya Git ndi kukumbukira, choncho fayilo imene mwafufutayo ikadali m'ma commit akale, ndipo aliyense amene angathe kutsegula nkhokweyo angaiwerenge. Ngati nkhokweyo inali yoonekera kwa onse ngakhale kwa kanthawi kochepa, dziwani kuti pali mapulogalamu amene amafufuza GitHub usana ndi usiku kusaka makiyi otere. Choyamba sinthani pasiwedi ya database, kenako pemphani kiyi yatsopano kwa amene amapereka njira yolipirirayo kuti yakaleyo ithe ntchito. Muuzeni kasitomala wanu zimene zachitika, ndipo muone naye limodzi ngati ndalama zayenda modabwitsa m'masiku amenewa. Ndikudziwa kuti kunena zimenezi n'kochititsa manyazi, koma ndalamazo ndi zake, ndipo ayenera kumva kwa inu. Mukatha zimenezi mungayeretse mbiri ndi chida chotchedwa git filter-repo, koma kuyeretsako sikulowa m'malo mwa kusintha makiyi, chifukwa amene anakopera kale ali nazobe. Kuyambira tsopano zinsinsi zonse zizikhala mu fayilo yapadera, imene ambiri amaitcha .env, yolembedwa mu .gitignore, ndipo m'nkhokwe muzingoika chitsanzo chake chopanda nambala zenizeni.

Pa funso lachiwiri, apa m'pamene chida chopangidwira magulu chikukuthandizani ngakhale muli nokha. Kasitomala aliyense akhale ndi nkhokwe yakeyake, chifukwa momwe zililimu simungapatse mmodzi khodi yake popanda kumuonetsa ya anzake awiriwo pamodzi ndi mbiri yawo yonse. Mukazilekanitsa, GitHub imalola kusamutsa nkhokwe kupita ku akaunti ina, kapena mungamutsegulire kasitomalayo akaunti ya bungwe, imene amaitcha organization ndipo ndi yaulere, iye akhale mwini wake inu mukhale membala. Musanapereke, onaninso pangano lanu kuti likunena chiyani za mwini khodi, ndipo ngati simunalembe kanthu, lembani tsopano mapangano ena asanabwere. M'nkhokwemo muikemo fayilo ya README yofotokoza mmene webusayiti imaikidwira, kumene imakhala, tsiku limene dzina lake la pa intaneti limafuna kulipiridwanso, ndi makiyi amene imafuna popanda kulemba makiyiwo.

Chomaliza chikukhudza akaunti yanu. Kuyambira mu Malichi 2023 GitHub inayamba kufuna kuti olemba khodi azitsimikiza kulowa kwawo ndi njira ziwiri, ndipo kwa ambiri a ife njira yachiwiriyo ili pa foni. Pa kampani, wina foni yake ikatayika pamakhala mnzake amene angathe kufika ku nkhokwe, koma inu mulibe wotero, ndipo foni ingasowe pa msika kapena m'minibasi ya chapa tsiku lililonse. Potsegula chitetezochi GitHub imakupatsani manambala obwezeretsera akaunti. Alembeni pa pepala, musawasunge m'foni yomweyo kapena pa laputopu yokha, ndipo pepalalo muliike pamene mumasunga chiphaso chanu cha BI ndi makalata a sukulu.